Lachisanu la utsi ku Bil'in

Lachisanu usiku, Okutobala 2010

Maso akundiwawabe, ndipo malaya omwe ndinavala masana ndawasiya panja chifukwa akadali ndi fungo la utsi wokhetsa misozi. Ndili ku Bil'in, mudzi wa Apalestina ku West Bank, dera lomwe Israel inalanda mu 1967, ndipo lero ndinali nawo pa zionetsero zotsutsa mpanda womwe Israel inamanga m'minda ya anthu a m'mudzi muno. Ndikulemba nditakhala padenga la nyumba, poti kuno madenga ndi a konkire, athyathyathya, anthu amayanikapo zovala ndi kumwerapo tiyi.

Mmawa mayi a pakhomo pano anatipatsa buledi, mafuta a azitona ndi tiyi wa shuga wambiri. Titamaliza anatenga anyezi, kumudula zidutswa, n'kumapereka kwa aliyense wa ife. Ine ndinaganiza kuti ndi kamba wa pa ulendo. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anandisonyeza ndi manja kuti ndi wonunkhiza utsi ukabwera.

Alendo tinalipo angapo: mtsikana wa ku Sweden, anyamata awiri a ku Italy, bambo wina wa imvi wa ku America, ndi gulu la Aisraeli lochokera ku Tel Aviv, ena mwa iwo a Anarchists Against the Wall, gulu lotsutsa mpandawu. Mkulu wina wa komiti ya mudzi anatikhazika pansi n'kutipatsa malamulo achidule. Osaponya mwala. Osatsogolera, poti mlandu ndi wa eni mudzi. Osatukwana msilikali. Ntchito yathu ndi kukhalapo ndi kuona. Anthu kuno amakhulupirira kuti pakakhala alendo ndi makamera, asilikali a Israel amaganiza kawiri asanaombere. Yemwe ankatsogolera komitiyi, Abdallah Abu Rahmah, mphunzitsi, ali m'ndende kuyambira Disembala chaka chatha.

Mnyamata wina anandifunsa kwathu. Nditati Malawi anangondiyang'ana. Nditati kufupi ndi South Africa nkhope inawala, akuvekere "Tutu!" Desmond Tutu ndi Jimmy Carter, mtsogoleri wakale wa America, anafika m'mudzi muno mu Ogasiti 2009, ndiye ine ndadyera pa mbiri ya bishopu. Komabe mumtima munali funso. Anzangawa chishango chawo ndi khungu ndi pasipoti. Yanga yakumudziyi ingaopseze ndani? Ndinamufunsa bambo wa ku America uja. Iye anangotchula Tristan Anderson, mnzake wa dziko limodzi, yemwe anamenyedwa ndi chitini cha utsi m'mutu ku Ni'lin, mudzi wina wapafupi, mu Marichi 2009 n'kulumala. Pasipoti siimitsa chitsulo.

Swala ya masana itatha tinanyamuka kuchokera pamzikiti, mbendera patsogolo, ana akuthamanga m'mbali. Anthu ankaimba "La, la lil jidar", kutanthauza ayi, khoma ayi. Achita zimenezi Lachisanu lililonse kuyambira Febuluwale 2005, mvula kapena dzuwa.

Ndisaname, ndinkayembekeza chikhoma cha konkire chonga chomwe ndinaona ku Qalandia, pakati pa Yerusalemu ndi Ramallah. Pano ndi mpanda wa waya, msewu wa magalimoto a asilikali m'mbali mwake, ndi geti. Kuseri kwake kuli mitengo ya azitona ya anthu a m'mudzi muno, ndipo kuseri kwa mitengoyo kukuoneka nyumba zosanja za Modi'in Illit, tauni ya Aisraeli yomangidwa mkati mwa West Bank. Agogo ena aamuna anandigwira pamkono n'kundilozera ndi ndodo, kuwerenga mitengo yawo umodziumodzi ngati akutchula ana. Ino ndi nyengo yothyola azitona. Tangoganizani munthu kuona chimanga chake chitacha kutsidya kwa waya, koma kuti akakolole ayambe waima pageti kudikira chilolezo cha munthu wa mfuti.

Chomwe chimandizunguza mutu n'chakuti mudziwu unawina kale mlandu. Mu 2004 khothi la dziko lonse ku The Hague linanena kuti kumanga mpandawu mkati mwa nthaka yolandidwa n'kuphwanya malamulo. Mu Seputembala 2007 khothi lalikulu la Israel lomwe linalamula kuti pano pa Bil'in mpanda usunthidwe. Zaka 3 zadutsa, waya wakale uja ali pomwepo.

Mayi wina wa ku Tel Aviv yemwe ndinkayenda naye anandiuza kuti mantha a anthu akwawo si ongopeka. Iye amakumbukira zaka zomwe mabasi ankaphulitsidwa, munthu osadziwa ngati mwana abwerako kusukulu, ndipo boma lawo limati mpandawu unamangidwa pa chifukwa chimenecho. Funso lake ndi lakuti, ngati nkhani ndi chitetezo basi, bwanji sanaumange m'malire a 1967, m'malo mokhotakhota kumeza minda ya eni ake?

Pafupi ndi geti anthu anachepetsa liwiro. Pamenepo ndi pomwe Bassem Abu Rahmah anagwera pa 17 Epulo 2009, chitini cha utsi chitamumenya pachifuwa. Ankamutcha "Njovu" chifukwa cha thupi lake, ndipo chithunzi chake chili pamakoma ambiri m'mudzi.

Kenako kunamveka phuu! phuu! Zitini zinayamba kugwa, zina zikugudubuzika pakati pa miyendo. Malangizo onse a mmawa anandithawa m'mutu. M'malo moyang'ana komwe mphepo ikuchokera, ndinathamangira komwe utsi ukupita. Pakhosi panatsekeka, mamina ndi misozi chuchuchu, ine n'kugwada pansi pa mtengo kumatikita maso, chinthu chomwe anatiletsa. Anyezi uja ndinali nditamutaya. Anandipulumutsa ndi kamtsikana ka zaka ngati 10, komwe kanandiika chidutswa chake pamphuno n'kundikoka dzanja. Ndinabwera kuno kudzateteza anthu, ine!

Anyamata ena kumbali anayamba kugenda miyala ndi malegeni, akuluakulu akuwakalipira. Zionetsero zake si zoyera ngati za m'mabuku, ndipo ndikanama ndikalemba kuti mwala sunauluke. Patatha ola limodzi zonse zinazilala, anthu n'kumabwerera akutsokomola, ena akuseka za mmene ndinathamangira.

Madzulo tinadya maqluba, mpunga wa nkhuku womwe amaugubuduza kuchokera mumphika. Aisraeli aja anakwera magalimoto kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. A ku Italy akunyamuka Lolemba, ine sabata yamawa. Mayi a pakhomo pano sakupita kulikonse, ndipo ana awo aamuna amagona atavala nsapato chifukwa asilikali amakonda kubwera kudzagwira anthu usiku.

Amayi anga anditumizira uthenga kuchokera kumudzi. Akuti poti ndili ku dziko loyera ndisaiwale kuwatengera madzi a mu Yordano. Sindinawayankhebe. Alendo timasinthana kulondera padenga pano ndi kamera, ndipo ine ndalandira 2 koloko usiku. Kumunsi kwa mudzi agalu ayamba kuuwa.