Kalata ya masamba awiri yomwe ku legal sitinaionepo

Anzanga amene mumagwira ku legal ya kampani, sabata yathayi yandifoola ndipo ndati ndilembe mtima udakali wotentha. Ku ofesi kwathu tilipo awiri basi, ine ndi mtsikana wina amene wangomaliza kumene sukulu ya malamulo, koma vuto lililonse la kampani limathera pa desiki yathu. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zija za masiku onse, ma kontirakiti a ma supplier, kalata yokumbutsa kasitomala amene wakhala osalipira, dandaulo la wantchito amene akuti anamuchotsa mopanda chilungamo, ndi ma NDA, mapangano osunga chinsinsi aja, omwe aliyense amawafuna lero lomwe. Izi mukuzidziwa kale.

Chandipweteka ndi cha Lachitatu. Tinali pa mediation, zokambirana za pamaso pa mkhalapakati, ndi kampani yomwe inatiikira sisitimu ya ERP, ija inkayenera kulumikiza stock, ma invoice, malipiro a ma supplier ndi payroll pamalo amodzi. Chiyambireni go-live, tsiku lomwe tinaiyatsa n'kuyamba kuigwiritsa ntchito, sinagwirepo bwino. Zomwe kompyuta ikunena kuti zili mu warehouse sizigwirizana ndi zomwe zilimodi, invoice imodzi kutuluka kawiri, supplier wina kulandira ndalama kawiri pomwe mnzake akuimba foni tsiku ndi tsiku kuti sanalandire kanthu, ndipo a ku accounts anabwerera ku Excel mwakachetechete kuti mwezi uzitsekeka. Mlandu tinaukonza pa mfundo ziwiri, kuphwanya kontirakiti ndi kutinamiza pa nthawi ya tender, chifukwa anatilonjeza polemba kuti sisitimu yawo ikugwira kale mu makampani ofanana ndi yathu ndipo sipadzafunika kusintha zambiri. Ndi dandaulo lomwelija la kampani ya ku America ya Waste Management pamene inasumira SAP, kampani yogulitsa masisitimu otere, mu 2008, inkati zomwe anaionetsa pa demo sizinali sisitimu yeniyeni, ndipo anakamaliza kunja kwa khoti mu 2010.

Mfundo yachiwiriyo ndinaigwira ndi manja awiri chifukwa kontirakiti yathu ili ndi cap, vendor, kampani yotiikira sisitimuyo, akalakwa sangalipire kuposa zomwe tinamulipira m'miyezi 12, ndipo zomwe kampani yataya zapitirira pamenepo kutali. Njira yodumphira cap ndi kuonetsa kuti panali bodza ladala. Ndi momwe kampani ya TV ya BSkyB inagonjetsera vendor wake EDS ku High Court ya ku London mu 2010. Cap yawo inali mapaundi 30 miliyoni, koma jaji atapeza kuti mkulu wa EDS ananama kuti anawerengera bwino nthawi yomwe ntchitoyo itenge, cap ija inakhala yopanda ntchito ndipo EDS inamaliza ndi kulipira mapaundi 318 miliyoni. Ndinali ndi ma imelo a anthu a sales a vendor wathuyu, ndinali ndi proposal yawo, ndinalowa m'chipinda chija ndikudziwa kuti tili ndi poyambira.

Tisanafike ndi pakati pomwe, loya wawo anatulutsa mapepala awiri. Loyamba ndinkalidziwa, acceptance certificate, pepala lovomera kuti sisitimu tailandira, yomwe inasainidwa UAT, kuyesa sisitimu kwa anthu athu isanayatsidwe, itatha, momwe mavuto onse otsala analembedwa kuti ndi ang'onoang'ono. Limenelo ndinali nalo yankho. Lachiwiri sindinalionepo chibadwire. Inali kalata ya masamba awiri, yosainidwa ndi dayilekita wathu wa operations patapita miyezi ingapo go-live itachitika. Vendor akuvomera kutipatsa support yaulere kwa kanthawi ndi kutsitsako invoice imodzi ya maintenance, ndipo ndime yachitatu ikuti kampani yathu ikulandira zimenezi ngati full and final settlement, kutanthauza kutsekeratu, ya madandaulo onse okhudza kuika sisitimuyo mpaka tsiku limenelo. Mu fayilo yathu mulibe, ku company secretary kulibe, palibe anatitumizirapo olo ka imelo kofunsa kuti tione. Ndinaiwerenga kawiri mkhalapakati akundiyang'ana, kenaka ndinapempha break.

Panja ndinawafunsa a dayilekitawo kuti, bwana, siginecha iyi ndi yanu? Akuti eee ndi yanga, koma inali nkhani ya discount chabe, anandiuza kuti ndi formality. Ndinati nanga ndime yachitatuyi munaiwerenga? Yankho lawo ndi lomwe likundiwawabe mpaka pano. Akuti ine si loya, ndiye mumafuna ndidikire inuyo mpaka liti, inu a legal chilichonse mumachedwetsa. Abale, kalata ya masamba awiri ndikanaiwerenga nditaimirira. Timachedwa inde, chifukwa tilipo awiri ndipo pempho lathu loti atiwonjezere munthu lakhala likukanidwa pa budget iliyonse, koma kalata imeneyi sinachedwe pa desiki yanga, sinafikepo n'komwe.

Aliyense amene anawerengapo milandu ya mtunduwu akudziwa komwe njira iyi imapita. Boma la Queensland ku Australia linayatsa payroll yatsopano ya ogwira ntchito zachipatala mu Marichi 2010, yoikidwa ndi IBM, ndipo anthu zikwizikwi analandira malipiro olakwika, ena sanalandire n'komwe. Kontirakiti inali ya madola a ku Australia pafupifupi 6 miliyoni, koma ndalama zonse zoyendetsera ndi kukonza zinawerengeredwa kuti zifika 1.2 biliyoni. Boma litasumira IBM mu 2013, khoti linagamula mu 2015 kuti mlandu sungapitirire chifukwa mu 2010 momwemo bomalo linasaina pangano lowonjezera lomasula IBM ku madandaulo, ndipo bomalo linauzidwanso kuti lilipire zomwe IBM inaononga pa mlanduwo. Anasaina chifukwa ankaopa kuti vendor akachoka sisitimu igweratu. Mantha omwewo ndi amene anagwira bwana wathuyu, ndipo ma vendor amadziwa bwino lomwe kuti nthawi yomwe kasitomala wapanikizika, ma invoice sakutuluka, bodi ikufunsa mafunso, ndi nthawi yabwino yobweretsa pepala lotere.

Sindikunena kuti vendor yekha ndiye wolakwa, ndipo loya wawo anaonetsetsa kuti tisaiwale zimenezo. Anali ndi ma minutes onse a steering committee. Data yomwe tinawapatsa kuchokera mu sisitimu yakale inali yakuda, katundu mmodzi ali ndi ma code atatu. Anthu amene ankayenera kuchita testing mabwana awo sanawamasule ku ntchito zawo za tsiku ndi tsiku, ndiye ankayesa sisitimu madzulo atatopa kale. Ma change request, mapempho oti sisitimu isinthidwe, anali mulu, dipatimenti iliyonse ikufuna sisitimu yatsopano izichita ndendende ngati yakale. Zonsezi ndi zoona ndipo khoti lililonse lingaziyike pa sikelo. Koma ndi zimenezo tikanalimbana nazo, tikanatsitsa zomwe tikufuna n'kupezabe kenakake. Kalata ija ndiye ikufuna kutseka khomo lonse.

Tsopano pali mayi wina wa ku accounts amene nkhani yake ndi yomwe yandikwiyitsa koposa. Pa UAT iye anakana kusaina. Analemba imelo yomveka bwino kuti test yotseka mwezi yalephera, ma figure a stock ndi a ledger sakukumana, ndipo tikayatsa chonchi tidzalira. Bwana wake anasaina m'malo mwake chifukwa tsiku la go-live linali litalengezedwa kale ku bodi. Kuyambira pamenepo mayiyu wakhala akulemba vuto lililonse mu buku lake, tsiku, nambala ya ticket, amene anayankha ndi zomwe ananena. Mphoto yake inali kalata ya chenjezo yochokera ku HR yoti akukana kusintha ndipo akufooketsa anzake. Lachitatu ndinamuitana kuti akhale pafupi ngati mkhalapakati angafune kumva kuchokera kwa munthu amene amagwiritsadi ntchito sisitimuyo, ndipo anakhala pa mpando panja tsiku lonse buku lake lili pa miyendo, osaitanidwa. Potuluka anandifunsa kuti, madam, zayenda? Ndinamuuza zoona, kuti pali pepala lomwe lasokoneza zinthu. Anangoti, ndinkadziwa kuti support yaulere ija sinali yaulere. Munthu yekhayo amene anachita ntchito yake molondola pa project yonseyi ndi amene ali ndi chenjezo mu fayilo.

Lachinayi lonse linathera kufufuza pothawira. Choyamba ndi mphamvu zosainira. Malamulo athu a mkati akuti pangano lililonse losiya dandaulo la kampani liyenera kudutsa kwa CEO ndi company secretary, koma vendor adzati dayilekita amene ankatsogolera project yonse ankaoneka kuti ali ndi mphamvuzo ndipo iwo sakanadziwa za malamulo athu a mkati, ndipo mfundo imeneyo si yofooka. Chachiwiri, kalatayo ikukamba za madandaulo mpaka tsiku losainira, ndiye mavuto omwe anabuka pambuyo pake akadali athu, ndipo apa buku la mayi uja ndi lomwe litipulumutse chifukwa lili ndi madeti. Chachitatu, ngati anauzadi bwana kuti ndi formality, kapena anabisa mavuto omwe ankawadziwa, kalatayo payokha tikhoza kuitsutsa, koma pamafunika umboni wolembedwa. Nditapita ku IT kukapempha ma imelo a project manager wathu amene anasiya ntchito, anandiuza kuti mailbox ya munthu akachoka imafufutidwa pakapita miyezi yochepa, ngakhale ndinalemba kalekale kuti chilichonse chokhudza project iyi chisungidwe. Zambiri ankagwirizana pa WhatsApp, pa foni zawozawo.

Chokhacho chinandipatsako mphamvu ndi ndime ya exclusion, yomwe imatchula zotayika zimene vendor sangalipire. Yathu ikuchotsa phindu, revenue ndi savings, mawu ofanana kwambiri ndi omwe anali mu kontirakiti ya IBM ndi kampani ya inshulansi ya Co-op ku UK, ndipo kumeneko Court of Appeal inagamula mu 2022 kuti mawu otere sachotsa ndalama zomwe kasitomala anaononga pachabe pa project yolephera, chipukuta misozi n'kukwera kuchoka pa mapaundi pafupifupi 13 miliyoni kufika pa 80 miliyoni. Cap ikhalapobe, koma mkati mwake tikhoza kufuna zomwe tinataya, bola tidutse kaye pa kalata ija.

Lachisanu ndinalemba memo ya ku bodi, yopanda kukometsera, ndipo ndapemphamo kuti pepala lililonse lochokera kwa vendor lokhala ndi mawu oti settlement, waiver kapena release lisasainidwe legal isanaone. Ayankha kuti tidzakambirana pa miting'i ikubwerayi. Masana omwewo kunabwera draft ya kontirakiti ya sisitimu ina ya HR, masamba ambirimbiri, akuti aifuna Lolemba m'mawa chifukwa vendor wapereka discount yomwe ikutha mwezi uno. Ndawauza kuti Lolemba sizitheka. Mediation yaimitsidwa mpaka mwezi wamawa, ndalembera loya wawo kuti atipatse ma imelo onse ozungulira kalata ija, ndipo ndalemberanso HR kuti achotse chenjezo mu fayilo ya mayi wa ku accounts, koma mpaka poweruka anali asanandiyankhe.