Mayi amene anauzidwa kuti za mwana aiwale

Lolemba analowa mayi wa zaka 29, amuna awo ali pambuyo. Asanakhale n'komwe pampando anati, "Adokotala, ndili mtsikana anandiuza kuti za mwana ndiiwale." Anabadwa ndi congenital adrenal hyperplasia, yomwe timangoti CAH. Tiziwalo ta pamwamba pa impso sitipanga cortisol wokwanira (homoni yothandiza thupi kupirira likapanikizika), kawirikawiri chifukwa enzyme ya 21-hydroxylase, yofunika pomupanga, sigwira ntchito, ndiye thupi limachulutsa mahomoni achimuna.

Zotsatira za magazi zitabwera, chimene chinandikoka maso si testosterone, homoni yachimuna, ayi, koma progesterone, homoni imene imakwera dzira likatuluka. Dzira lisanatuluke imayenera kukhala yotsika, pansi pa 2 nmol/L. Yawo inali pamwamba kwambiri. Ndinawauza kuti zili ngati thupi likudzipatsa lokha mapiritsi olera: chikazi chimalimba, umuna umavutika kudutsa, chiberekero sichikonzeka kulandira. Bambo aja anaseka koyamba. Tinasintha nthawi ndi mlingo wa hydrocortisone, mankhwala olowa m'malo mwa cortisol, tinaonanso fludrocortisone, wothandiza thupi kusunga mchere, ndipo bambowo ndinawatumiza kukayezetsa jini ya CYP21A2, imene imapangitsa enzyme ija. Akapezeka kuti nawonso ananyamula jini yolakwika, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi CAH ndi theka. Apa kuseka kunatha.

Lachiwiri ndi Lachitatu anali a shuga ndi chithokomiro, mzere wosatha.

Lachinayi ndinapsa mtima. Mayi wina wa CAH, mimba ya miyezi iwiri, anabwera akumwabe dexamethasone, mankhwala enanso olowa m'malo mwa cortisol, amene anamulembera kwina. Mankhwala amenewa amadutsa nsengwa n'kufika kwa mwana, pamene hydrocortisone nsengwa imamufooketsa. Ndinamusinthira pomwepo. Nkhawa yake inali ina: kodi akabereka mtsikana, mahomoni ake samuwononga? Ndinamufotokozera kuti nsengwa ili ndi aromatase, imene imasandutsa mahomoni achimunawo kukhala estrogen, homoni yachikazi, n'chifukwa chake atsikana a amayi otere nthawi zambiri amabadwa bwinobwino.

Lachisanu usiku azamba anandiimbira. Mayi winanso wa CAH amene ndamutsatira miyezi yonse, amene tinamuwonjezera mankhwala mimba itakula, anali atayamba matenda. Anachitidwa opaleshoni ya kumaliseche ali khanda, choncho tinagwirizana kale kuti achira kwa mpeni. Funso langa linali limodzi: "Hydrocortisone wa mumtsempha mwamupatsa?" Popanda ameneyo BP imatha kugwa mwadzidzidzi. Kunali zii kaye, ndikungomva mapepala akutembenuzidwa.

"Tamupatsa, adokotala, 100 mg. Iye mwini ndiye anatikumbutsa asanakwere n'komwe pabedi."