Zimene ndinaphunzira pokonza source code ya Vim kuti igwirizane ndi Linux

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikugwiritsa ntchito Vim, pulogalamu yolembera ndi kusinthira malemba, polemba mapulogalamu ang'onoang'ono ndi kusintha mafayilo a kompyuta yanga, koma nthawi yonseyi ndinkangotenga Vim yomwe anthu ena anaimanga kale, n'kuiika ndi lamulo limodzi, osadziwa zimene zimachitika source code, malemba amene wolemba pulogalamu amalemba, isanasanduke pulogalamu yoti munthu n'kuitsegula. Mwezi wathawu ndinaganiza zotenga source code yeniyeniyo n'kuikonza ndekha pa kompyuta ya Debian, womwe ndi mtundu wina wa Linux, osati chifukwa chakuti imene ndinali nayo inali yoipa, koma chifukwa ndinkafuna kumvetsa mawu amene ndinkawaona kawirikawiri akuti pulogalamu iyenera "kukonzedwa" kaye kuti igwirizane ndi operating system imene ikukagwirako ntchito.

Chinthu choyamba chimene chinanditsegula maso chinali foda yotchedwa src. M'menemo muli mafayilo monga os_unix.c, os_win32.c ndi os_amiga.c, ndipo dzina lomalizali limafotokoza mbiri ya pulogalamuyi, pakuti Bram Moolenaar anayamba kulemba Vim pa kompyuta ya Amiga n'kuitulutsa koyamba mu 1991, potsanzira pulogalamu yotchedwa vi imene Bill Joy analemba pa Unix mu 1976. Kuyambira pamenepo pulogalamuyi yakhala ikusamutsidwa kuchoka pa mtundu wina wa kompyuta kupita pa wina, ndipo aliyense amene anaisamutsa anasiya mapazi ake m'fodamo. Mbali imene imasuntha malemba, kufufuza mawu ndi kubweza zimene munthu walakwitsa ndi imodzi paliponse, koma njira yolandirira zimene munthu akudina pa kiyibodi, yolembera pa sikirini ndi yotsegulira mafayilo imasiyana. Ngakhale tizinthu tooneka ngati tating'ono timasiyana: pa Linux mzere wa malemba umatha ndi chizindikiro chimodzi chotchedwa LF pamene pa Windows umatha ndi ziwiri, CR ndi LF, ndipo fayilo ya zosankha za mwini wake imatchedwa .vimrc pa Linux koma _vimrc pa Windows.

Funso limene ndinali nalo linali lakuti source code imodzi imadziwa bwanji kumene ili. Yankho lake pa Linux ndi kapulogalamu kotchedwa configure, kamene kamapangidwa ndi chida cha Autoconf chimene David MacKenzie anayambitsa mu 1991. Poyamba ndinkaganiza kuti configure imangowerenga dzina la operating system n'kusankha njira yokonzedweratu, koma si mmene zilili. Iyo imafunsa makinawo mafunso ambirimbiri, limodzi ndi limodzi, ndipo njira yake yofunsira ndi imene inandisangalatsa kwambiri: imalemba kapulogalamu kakang'ono m'chinenero cha C kogwiritsa ntchito chinthu chimene ikufuna kudziwa, n'kukapereka kwa compiler, chida chimene chimasandutsa source code kukhala pulogalamu, ndipo kakamangika yankho ndi inde, kakakanika yankho ndi ayi. Mayankho onsewo amasungidwa m'mafayilo awiri, auto/config.h ndi auto/config.mk, amene pambuyo pake lamulo la make limatsatira pomanga pulogalamu yonse. Pa Windows njira imeneyi nthawi zambiri siitsatidwa. Kumeneko kuli mafayilo olembedweratu, monga Make_mvc.mak ya compiler ya Microsoft ndi Make_ming.mak ya MinGW, ndipo munthu amatchula yekha zimene akufuna.

Nditalemba ./configure koyamba, mizere yoyamba ndi mawu akuti "checking" inathamanga pa sikirini kwa kanthawi, kenako zonse zinaima. Uthenga wake unali womveka bwino: sinapeze tgetent, imene Vim imagwiritsa ntchito podziwa za terminal (windo lolembamo malamulo), ndipo inandiuza kuti ndiike laibulale ya terminal monga ncurses, ndiye kuti code yokonzedwa kale imene mapulogalamu ena amabwereka. Ndinadabwa, chifukwa ndinkadziwa kuti ncurses inalimo kale m'kompyutamo, popeza mapulogalamu ena ankaigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Apa ndi pamene ndinaphunzira kusiyana kumene ndikanayenera kukudziwa kalekale. Laibulale imene pulogalamu yomangidwa kale imafuna kuti iyende ndi ina, ndipo mafayilo a header, ofotokoza zimene zili mu laibulaleyo, amene compiler imafuna kuti imange pulogalamu yatsopano ndi ena. Debian imaika mafayilo achiwiriwa m'maphukusi osiyana amene mayina awo amatha ndi -dev. Nditaika libncurses-dev, configure inafika kumapeto popanda kudandaula.

Za zosankha zina sindichedwapo. Vim imamangidwa pa milingo itatu ikuluikulu, tiny, normal ndi huge, malinga ndi kuchuluka kwa zinthu zimene munthu akufuna kuti zilowemo, ndipo ine ndinalemba --with-features=huge. Ndinasiyanso --prefix pa /usr/local kuti Vim yangayo isasokoneze imene inabwera ndi Debian, yomwe imakhala pansi pa /usr.

Vuto limene linandiphunzitsa zambiri linabwera pamene ndinkaona ngati ntchito yatha. Lamulo la make linayenda bwinobwino, pulogalamu inatseguka, koma nditakopera mzere m'Vim kuti ndikauike m'pulogalamu ina, palibe chimene chinatuluka. Ndinalemba vim --version, lamulo limene limaonetsa mndandanda wa zonse zimene Vim ingathe kuchita, chilichonse chili ndi chizindikiro chophatikiza ngati chinalowa kapena chochotsera ngati chinatsala, ndipo pakati pa mndandandawo ndinaona -clipboard ndi -X11. Clipboard ndi malo amene malemba okopera amasungidwa kuti aikidwe m'pulogalamu ina, ndipo X11 ndi dongosolo loonetsa mawindo pa Linux limene Vim imadutsiramo kuti ifike ku clipboard. Chimene ndinaona kuti n'chofunika kuchimvetsa apa n'chakuti configure sinaime kapena kuchenjeza mokweza monga inachitira ndi ncurses. Popanda laibulale ya terminal Vim singagwire ntchito n'komwe, choncho kusowa kwake kumaimitsa zonse, koma popanda X11 Vim ikhoza kuyendabe, choncho configure inangolemba kuti ayi pa mzere umodzi pakati pa mizere mazanamazana n'kupitirira. Ine ndinali nditapempha huge, koma kupempha sikupereka chinthu chimene makinawo alibe.

Ndinaika libx11-dev ndi libxt-dev, ndinabwereza ./configure ndi make, ndipo ndinayang'ananso mndandanda uja ndili ndi chikhulupiriro chonse. Chizindikiro chochotsera chija chinali pomwepo. Ndinakhala madzulo onse ndikuganiza kuti mwina ndaika maphukusi olakwika, mpaka pamene ndinasiya kuthamanga n'kuyamba kuwerenga mizere ya configure umodzi ndi umodzi. Pa mzere wofunsa za X11 panali mawu akuti "cached". Vim imasunga mayankho a configure m'fayilo ya auto/config.cache kuti ulendo wotsatira isafunsenso zonse, ndiye ulendo wachiwiriwo sinayese n'komwe kuona ngati X11 yafika, inangotenga ayi wakale uja. Lamulo la make distclean linafufuta zonse zimene zinasungidwa, ndipo nditayambiranso, mzere womwewo unasonyeza kuti mafayilo a X11 apezeka.

Nditatero ndinatsegula auto/config.h kuti ndione ndi maso anga chimene chinasintha. Poyamba mzere wa HAVE_X11 unali wotsekeredwa ngati ndemanga, uli ndi mawu akuti #undef, koma tsopano unali #define HAVE_X11 1. Kenako ndinapita ku feature.h, fayilo imene imasankha zimene zilowe m'pulogalamu, ndipo ndinapeza malo amene FEAT_CLIPBOARD imayatsidwa pa Unix ngati mlingo uli normal kapena kuposa apo ndiponso ngati HAVE_X11 ilipo. Kuchokera pamenepo ndinatsatira dzina lomwelo m'mafayilo ena a C, mmene zigawo zathunthu zazingidwa ndi #ifdef FEAT_CLIPBOARD ndi #endif, kutanthauza kuti dzinalo likapanda kuyatsidwa compiler siziona n'komwe zigawozo. Unyolo wonse unaonekera pamenepo: phukusi limabweretsa header, configure imapeza header n'kulemba mzere umodzi, mzerewo umayatsa dzina m'feature.h, ndipo dzinalo limatsegula zigawo za source code zimene zinali zobisika.

Ndikudziwa kuti pali olemba mapulogalamu amene sakonda kuchuluka kwa #ifdef kotereku, ndipo nditawerenga mafayilo ena a Vim ndinamvetsa chifukwa chake, pakuti nthawi zina kuti utsatire ntchito imodzi umayenera kulumpha zigawo za Windows, za VMS ndi za Amiga zimene sizikukhudza. Komabe maganizo anga ndi akuti kwa wophunzira njira imeneyi ili ndi ubwino waukulu, chifukwa kusiyana kwa ma operating system sikunabisidwe kuseri kwa chida china, kwalembedwa poyera pamalo pomwe kumachitikira, ndipo amene akufuna kudziwa mmene Unix ndi Windows zimasiyanirana potsegula fayilo kapena poyendetsa lamulo la kunja akhoza kuika os_unix.c ndi os_win32.c pambali n'kuwerenga. Fayilo inanso imene ndinaiphunzira kuilemekeza ndi auto/config.log, imene imasunga kapulogalamu kalikonse koyesera kamene kanakanika pamodzi ndi uthenga umene compiler inapereka. Ndikanaitsegula pa ulendo woyamba, ndikanaona msanga kuti header ya X11 inali kusowa.

Pomaliza ndinayendetsa make test kuti Vim idziyese yokha, kenako sudo make install. Lamulo la which vim linandionetsa /usr/local/bin/vim, ndipo pamndandanda uja panali +clipboard ndi +X11. Ndinatsegula fayilo, ndinakopera mzere ndi "+yy, lamulo la Vim lokopera mzere ku clipboard, ndinapita pa pulogalamu ina n'kuuika, ndipo mzerewo unatuluka wonse. Sabata ikubwerayi ndikufuna kutenga source code yomweyi n'kuimanga pa Windows ndi Make_ming.mak, kumene kulibe configure yondifunsira mafunso, kuti ndione kuti ndi mayankho ati amene ndidzayenera kupereka ndekha.