Fumbi wachira, zikomo nonse

Lero m'mawa mphaka wathu Fumbi wamaliza yekha mbale yonse ya usipa kenako nkupita kukaothera dzuwa pakhonde, ndiye ndati ndisachedwe ndikuthokozeni abale anga, masiku 12 amenewa ine tulo ndinalibe.

Zinayamba ndi kuyetsemula basi, ndi kuzizira kwa June kuno ku Area 25 ndimati zidutsa, koma tsiku lachitatu mamina kuti mbwee, maso atamatana ndi manthongo, chakudya osachiyang'ana nkomwe. Achemwali, inu ndiye munamupulumutsa. Panado ndinali nditaswa kale pakati kuti ndimusungunulire pomwe munayimba foni nkundiletsa, ndipo adokotala a ziweto anadzatsimikiza kuti kwa mphaka Panado ndi poizoni, ngakhale kachidutswa kamapha. Ndikakumbukira thupi limachita tsembwe mpaka lero.

Adokotala zikomo pondifotokozera modekha. Anati chimfine cha amphaka chimabwera ndi ma virus, herpes kapena calici, sichipatsira anthu, ndipo ma antibayotiki omwe anatipatsa ndi olimbana ndi mabakiteriya olowerera chifukwa maminawo anali atasanduka achikasu, zinazo ndi chisamaliro cha pakhomo. Chomwe chinandithandiza kwambiri ndi chakuti mphaka akatseka mphuno samva fungo ndiye sadya, ndipo akakhala masiku angapo osadya chiwindi chimayamba kuvuta. Ndiye tinkamuphikira usipa opanda mchere nkumupatsa uli ofundirira kuti fungo lituluke, poyamba ankangonyambita msuzi pachala changa.

Mwana wanga iwe wandinyaditsa. Kawiri patsiku umakhala naye mu bafa mphindi 10, chitseko chotseka, beseni la madzi otentha patali pomwe sangafike kuti apume nthunzi, magetsi akazima umawiritsa madziwo pambaula panja, kenako kumupukuta maso ndi mphuno ndi thonje lonyika m'madzi ofunda, diso lililonse thonje lake. Anakukanda kangapo koma sunadandaule.

Aneba athu amayi a kuseri, munatisungira kamphaka kathu kena kakang'ono kuti kasatengere, pomwe ena amati mphaka basi mukuvutikiranji. Mulungu akudalitseni mayi. Achimwene a kabaza nanunso, munayendetsa pang'onopang'ono popita kwa adokotala, ine nditafukata katoni momwe munali Fumbi.

Adokotala achenjeza kuti ngati ili herpes imakhalabe mthupi moyo onse, itha kudzayambiranso akapanikizika, ndiye tizimuyang'anira. Kamng'onoko Loweruka tikupita nako kukabayitsa katemera.