Lipoti la ulendo wathu wa pa sitima kuchoka ku Durban kupita ku Portuguese Island

Gulu lathu la chipereganyu la Amalawi okhala ku Johannesburg lidayenda ulendo wa pa sitima yapamadzi mu February 2022. Ulendowu tidaukonza mu 2019 kuti tinyamuke mu April 2020, choncho zambiri zimene ndilembe pano ndi za kudikira kusiyana ndi za panyanja. A wapampando adandipempha kuti ndilembe lipotili kuti anzathu amene adatsala amve mmene zidayendera, komanso chifukwa magulu ena a kuno ku Joni akhala akutifunsa kuti ndalama za anthu tidaziyendetsa bwanji nthawi ya mliri wa korona.

Ambirife timagwira ntchito m'nyumba za anthu, m'malesitilanti, ena ndi alonda, ena amasamalira maluwa. Ndalama za chipereganyu chaka ndi chaka zimathera kumudzi: malata, feteleza, fizi ya ana. Pamsonkhano wina wa mu 2019 amayi ena achikulire adati nafenso tilaweko thukuta lathu, ndipo palibe adatsutsa. Tidasankha ulendo waufupi wochokera ku Durban kukafika ku Portuguese Island, kachilumba kamchenga koyandikana ndi Inhaca, m'nyanja ya kufupi ndi Maputo ku Mozambique. Tinkasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2020 tidali titamaliza kulipira.

Mu February chaka chimenecho tidamva za sitima ya Diamond Princess imene idatsekeredwa padoko la Yokohama ku Japan, mmene anthu oposa 700 adapezeka ndi kachilombo ka korona. Tidamva chisoni, koma tinkaziona ngati za kutali. Pa 15 March Pulezidenti wa South Africa, Cyril Ramaphosa, adalengeza kuti dziko lili pangozi, patangopita masiku ochepa boma lidaletsa masitima onyamula alendo m'madoko a dziko lino, ndipo usiku wa pa 26 March m'bindikiro udayamba. Uthenga woti ulendo walephereka udatipeza tili kale m'nyumba. Kampani ya sitimayo idatipatsa vocha yoti tidzayendere ulendo wina mtsogolo.

Pa vocha imeneyi ndi pomwe padagona nkhani. Kwa munthu amene malipiro ake akulowabe, vocha ndi chinthu chabwino, amangoisunga. Koma m'gulu mwathu malesitilanti atatsekedwa anthu adakhala pansi, madamu ena adauza antchito awo kuti asabwere kaye, ndipo thandizo la R350 limene boma linkapereka ambirife silidatifike. Lendi sidaime. Munthu ali ndi ndalama zake zimene adasonkha chaka chathunthu, akuziona papepala, koma sangagulire ufa. Pa WhatsApp pathu padatentha. Ena ankati msungichuma akakamire mpaka ndalama zibwere, ena ankati tidikire zinthu zikhala bwino posachedwa, ndipo mawu ena amene adalankhulidwa masiku amenewo sindingawalembe pano. Mabasi atayamba kutenga Amalawi kubwerera kumudzi kudzera pa Mwanza mu May 2020, anzathu ena adaganiza zopita, ndipo ankafuna gawo lawo lisanakwane tsiku lonyamuka.

Chimene chidapulumutsa gulu ndi maganizo a msungichuma wathu. Iwo adati: "Abale anga, vocha ndi ya gulu, koma njala ndi ya munthu payekha. Amene mudakali pantchito, gulani malo a anzanu amene avutika." Tidatero. Ena adagulira akazi awo kapena azichemwali awo malo, ndipo pamene ogula adasowa tidatapa m'thumba la zadzidzidzi, titagwirizana kuti gulu lidzagulitsa malowo ulendo ukadzatsimikizika. Aliyense amene adapita kumudzi adanyamuka ndi ndalama zake zonse. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene tidachita pa ulendowu, ichi ndicho chachikulu, ndipo ndikupempha magulu ena kuti nkhani ya munthu wofuna kutuluka muziikambirana musanapereke ndalama kwina kulikonse.

Kenaka kudabwera kudikira kosadziwa tsiku. Kuno masitima otere amayenda nyengo yotentha, kuyambira cha mu November mpaka cha mu April, ndiye nyengo ikadutsa mwadikira chaka. Mu August 2020 tidamva kuti ku Italy sitima yayamba kunyamuka padoko la Genoa, mitima idakwera. Ku America lamulo loletsa masitima limene lidakhazikitsidwa mu March lidachotsedwa kumapeto kwa October, koma ndi malamulo ena ovuta moti masitima akuluakulu adayambanso kunyamuka kumeneko mu June 2021. Kuno ku South Africa nyengo yonse ya 2020 mpaka 2021 idadutsa popanda ulendo, chifukwa mu December matenda adabukanso mwamphamvu mpaka magombe ena adatsekedwa. Tinkapatsidwa tsiku, tsikulo n'kusunthidwa. Wina angaone ngati n'zazing'ono, koma wantchito wa m'nyumba sapeza tchuthi mwachisawawa. Umapempha kwa abwana miyezi isanakwane, iwo n'kukonza zawo, kenaka ubwererenso kukanena kuti zasintha. Mchemwali wina adandiuza kuti adafika pochita manyazi kutchulanso mawu oti sitima pantchito pake. Sindikuimba mlandu munthu, chifukwa ngakhale a kampani ankadikira boma, boma nalo likuyang'ana chiwerengero cha odwala. Koma kuuzidwa kuti ayi kumapweteka kamodzi, pomwe kuuzidwa kuti mwina kunkatidya mwezi uliwonse.

Tidasankhanso December 2021. Sitima idafikadi ku Durban, ifenso zikwama titalongedza. Kumapeto kwa November akatswiri a kuno adalengeza za mtundu watsopano wa kachilomboka, umene bungwe la WHO lidautcha Omicron pa 26 November. Britain idatseka zitseko kwa anthu ochokera kumwera kwa Africa, Malawi ndi Mozambique zili momwemo. Maulendo a sitima adangoyamba pang'ono n'kuimitsidwanso mpaka January. Apa anthu ena awiri adatopa n'kugulitsa malo awo, ndipo palibe adawadandaula.

Tsiku la mu February litatsimikizika, zofunika zidali zambiri. Wamkulu aliyense adayenera kuonetsa chiphaso cha katemera ndi zotsatira zosonyeza kuti alibe kachilombo, zoyezetsa masiku ochepa ulendo usanachitike. Kwa ife Amalawi padali china: sitima ikatuluka mwatuluka m'dziko, ndiye pasipoti ndi pemiti ziyenera kukhala zamoyo kuti mudzaloledwe kulowanso. Mlembi adayang'ana mapepala a munthu aliyense payekha. Chomvetsa chisoni n'chakuti amayi aja amene adayambitsa maganizo a ulendowu ndi amene adapezeka ndi kachilombo poyezetsa, ngakhale sankamva kupweteka paliponse. Adatiimbira ali phee, n'kunena kuti: "Pitani ana anga, mukandijambulire nyanjayo." M'basi anthu adakhala chete mpaka tidadutsa Heidelberg.

Tidayenda usiku mumsewu wa N3, kupuma pa Harrismith, kutsika Van Reenen kuli chifunga, n'kulowa mu Durban kukucha. Padoko mzere udali wautali, kuyeza kutentha kwa thupi, kuonetsa ziphaso, aliyense masiki kukamwa. Kunena zoona, mpaka titalowa m'zipinda zathu ena ankayembekezabe kuti wina abwera kudzatiuza kuti titsike.

Madzulo sitima idaliza lipenga lake n'kuyamba kusuntha. Tidaima pamwamba tikuona phiri la Bluff mbali ina, kwinaku nyumba zazitali za m'mbali mwa gombe ndi uta wa bwalo la Moses Mabhida zikucheperachepera. Achimwene ena a ku Nkhata Bay, amene adakulira pa Ilala, adagwira chitsulo cha m'mphepete n'kunena kuti Ilala yonse ingakwane m'chipinda chodyera cha sitima iyi. Azimayi a m'gulu lathu adayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ndipo anthu ena a ku KwaZulu-Natal amene adali pafupi adatithandiza kuwomba m'manja. Usiku umenewo mafunde adakula, angapo adadwala chizungulire osadya n'komwe.

Chakudya sitinkadzitengera tokha, antchito ndi amene ankatigawira, ndipo pakhomo lililonse padali mankhwala osamba m'manja. Ndidacheza ndi mnyamata wina wotiperekera zakudya, wa ku Zimbabwe. Adandiuza kuti mu 2020 adakhala miyezi ali m'sitima ina yopanda alendo, madoko akukana kuwatsitsa, ndipo atafika kwawo adakhala nthawi yaitali osalandira kanthu, naye akudikira uthenga wa tsiku loyambiranso. Ife tinkadandaula za tchuthi, iye ankadikira ntchito yodyetsa banja.

Ku Portuguese Island kulibe doko, sitima imaima patali ndipo anthu amapita kumtunda pa maboti ang'onoang'ono. Potsika umaponda m'madzi ofika m'mawondo, zitenje zidanyowa, nsapato zili m'manja. Mchenga ndi woyera, wotentha kwambiri masana, ndipo mthunzi ndi wa matenti okha. Ogulitsa nsalu ndi ziboliboli a ku Inhaca adatiuza kuti nyengo ziwiri zopanda sitima zidawasiya manja ali m'khosi, choncho ngakhale amene sadakonzeke kugula adagulako kanthu. Amayi otsala aja tidawagulira kapulana, chitenje cha ku Mozambique, ndipo tidawajambulira nyanja monga adapemphera.

Pa za ndalama, malo onse amene gulu lidagula adagulitsidwa ndipo thumba la zadzidzidzi labwezeredwa lonse. Chatsala ndi gawo la amayi amene adalephera kunyamuka. Msungichuma akulondola nkhaniyi, koma mamembala agwirizana kale kuti ikachedwa tisonkha tokha n'kuwapatsa ndalama zawo m'manja. Malisiti onse adzawerengedwa pamsonkhano wa mwezi wamawa, ndipo anzathu amene ali kumudzi adzatumiziridwa zithunzi zake pa WhatsApp.