Zikomo nonse amene munapereka osafunsa chithunzi

Amayi anzanga, abambo, achemwali ndi alongo anga a kuno ku Scotland ndi akumudzi, ndabwera ndi mawu othokoza. Kalasi yachinsinsi ya atsikana ya ku Afghanistan imene takhala tikusonkherana ija yamaliza chaka chake cha maphunziro. Aphunzitsi onse awiri amalandira kangachepe mwezi ndi mwezi, lendi ya chipinda inalipiridwa, makope ndi nkhuni za nyengo yozizira zinagulidwa, ndipo palibe mwana kapena mphunzitsi amene wagwidwa. Mulungu alemekezeke.

Ena munalowa m'gululi nkhani ili kale pakati, ndiye mundilole ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ndimagwira ntchito ya unamwino limodzi ndi mayi wina amene anathawa kwawo ku Afghanistan a Taliban atalanda likulu la dzikolo, Kabul, pa 15 Ogasiti 2021. Akulu ake anatsala komweko, ndipo ndi mmodzi mwa aphunzitsi a kalasiyi. Iwo ankaphunzitsa masamu pasekondale ya atsikana, ndipo ntchito inathera pomwepo, chifukwa sukulu za sekondale zitatsegulidwa mu Seputembala chaka chomwecho anaitana anyamata okha. Pa 23 Malichi 2022 atsikana anauzidwa kuti abwerere. Anavala yunifolomu, anakafika mpaka m'kalasi, koma patangodutsa maola ochepa anawabweza akulira. Kufikira lero mtsikana wa kumeneko akamaliza sitandade 6, sukulu yathera pomwepo. Bungwe la UNICEF linanena mu Malichi 2025 kuti atsikana 2.2 miliyoni ndi amene akhudzidwa ndi chiletsochi.

Zitseko zinazo zinatsekedwa motsatizana. Pa 20 Disembala 2022 anatseka mayunivesite kwa akazi, patapita masiku anayi analetsa amayi kugwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma, mu 2023 anatseka masaluni, ndipo mu Ogasiti 2024 anatulutsa lamulo loti mawu a mzimayi asamveke pagulu. Koma chimene chinandipweteka kwambiri ine ndi cha mu Disembala 2024, pamene analetsa akazi kuphunzira unamwino ndi uzamba. Ndinagwirapo ntchito pachipatala chaching'ono chakumudzi kwathu, ndipo ndimadziwa chimene chimachitika mayi akayamba kutaya magazi usiku mzamba palibe. Tsono kumeneko m'madera ambiri mzimayi saloledwa kuonedwa ndi dokotala wamwamuna payekha. Ukaletsa mwamuna kumuthandiza, n'kuletsanso mkazi kuphunzira kumuthandiza, mayi woyembekezerayo wamusiyira ndani?

Chimene ndikuthokozera koposa ndi ichi. Ife tinazolowera kuti chopereka chimakhala ndi dzina. Pamaliro amawerenga amene apereka chipepeso, paukwati pali perekaniperekani, ndipo tikakapereka mabuku kusukulu timajambulitsa ndi ana. Apa ndinakuuzani kuyambira pachiyambi kuti simudzaona nkhope ya mwana aliyense, simudzamva dzina la aphunzitsi, ngakhale la mzinda umene. Chithunzi chimodzi chokha chikafika pa Facebook chikhoza kutsekeretsa munthu m'ndende. Munavomera, ndipo chaka chonse palibe amene anandikakamiza kuti ndimuonetse umboni wa mtundu umenewo. Munakhutira ndi kaundula wa ndalama zolowa ndi zotuluka amene asungichuma athu amaika pa WhatsApp mwezi ukatha. Kukhulupirirana kotere pa nkhani ya ndalama sikophweka, tonse tikudziwa.

Zochepa zimene ndingakuuzeni ndi izi. Kalasiyo imachitikira m'chipinda cha m'nyumba ya munthu. Kutsogolo kuli makina osokera ndi mulu wa nsalu, kuti wina akagogoda apeze ana akuphunzira kusoka. Bolodi ndi laling'ono, lotha kulowa kuseri kwa katani. Atsikana safika gulu, amabwera mmodzimmodzi nthawi zosiyana, kope atalibisa m'zovala, ndipo potuluka amachitanso chimodzimodzi. Mnzanga uja anandimveretsa uthenga wa mawu umene akulu ake anatumiza tsiku la mayeso omaliza. Chiyankhulo chawo sindimamva, koma kumbuyo kunkamveka ana akuseka motsitsa ndipo wina akuwatonthoza. Anandimasulira kuti mtsikana amene anayamba chaka akuopa alijebula ndiye wapambana anzake onse.

Zikomo amayi a mvano amene munakazinga mandasi ndi zitumbuwa n'kumagulitsa tikaweruka kutchalitchi. Zikomo achemwali athu achisilamu a ku Mangochi ndi a kuno ku Glasgow. Inu ndi amene munayankha bwino lomwe pamene ena ankati izi n'zachipembedzo chawo, tisalowerere. Munatikumbutsa kuti ana anu aakazi amapita kusukulu ndi kumadrasa komwe, ndiponso kuti mwa mayiko onse a Asilamu palibe lina lotsekera atsikana sekondale, koma Afghanistan yokha. Zikomo agogo a ku Ntcheu amene munatumiza K2,000 pafoni ya mdzukulu wanu, n'kunena kuti inuyo bambo anu anakuletsani sukulu muli sitandade 3 ndipo mpaka pano zimakuwawani. Uthenga wanu unamasuliridwa ndipo unakafika kwa aphunzitsi.

Ndithokozenso achimwene amene anafunsa poyera kuti, kwathu atsikana akusiya sukulu chifukwa cha fizi ndi maukwati a ana, bwanji tikuponya ndalama kutali? Funso lawo linali loona ndipo silinandikhumudwitse. Thumba lathu la fizi za ana a kumudzi silinakhudzidwe, likuyenda monga kale. Kungoti kwathu mtsikana akasowa fizi, lamulo lili kumbali yake, mfumu ikhoza kuthetsa ukwati wake, ndipo ife tikhoza kukuwa pawailesi. Kumeneko boma lenilenilo ndi limene likumutsekera chitseko, ndipo wokuwa amamangidwa. Matiullah Wesa, amene ankayenda m'midzi kulimbikitsa maphunziro a atsikana, anamugwira mu Malichi 2023 n'kumutulutsa mu Okutobala. Achimwenewo atamva zimenezi anapereka nawo, ndipo ndi amene anatithandiza pamene banki ina inagwira ndalama zathu milungu ingapo itangoona kumene zikupita.

Nthawi imene inativuta kwambiri inali kumapeto kwa Seputembala 2025, pamene a Taliban anazimitsa intaneti ndi mafoni dziko lonse kwa masiku awiri. Mnzanga anabwera kuntchito maso ali psuu, osadziwa ngati abale ake ali bwino. Ambiri mwa inu simunamuonepo, koma munamutumizira mawu, ena munamuphikira chakudya. Wandituma kuti ndikuthokozereni ndi mtima wake wonse.

Mwafunsa kuti amene akufuna kuthandiza kudzera m'mabungwe odziwika apite kuti. Pali Radio Begum, wailesi ya amayi imene Hamida Aman anayambitsa pa 8 Malichi 2021, yomwe imaulutsa maphunziro a sukulu kuti mtsikana aphunzire ali m'nyumba. Pali sukulu yogonera ya atsikana yotchedwa SOLA, ya Shabana Basij-Rasikh, imene inasamukira ku Rwanda kuno ku Africa kwathu mu Ogasiti 2021, mwini wake atawotcha kaundula wa ana a sukuluyo kuti mayina awo asagwere m'manja olakwika. Ndipo konkuno ku Scotland, bungwe la Linda Norgrove Foundation linabweretsa atsikana 19 mu Ogasiti 2024 kuti adzapitirize maphunziro a udokotala.

Chaka cha sukulu kumeneko chimayamba chakumapeto kwa Malichi. Aphunzitsi anena kuti apitiriza, ndipo pali ana ena amene angomaliza sitandade 6 omwe makolo awo apempha malo. Asungichuma aika tsiku la msonkhano pagulu lathu sabata ino. Chonde, mukamauzako anzanu nkhaniyi, musatchule chipatala chimene ndimagwira ntchito kapena chilichonse chokhudza mnzangayu.