Delica yanga inakokedwa ndi ng'ombe apongozi akuonerera

Abale inu musanayambe kuseka mundimve kaye ineyo mwini wake, chifukwa anthu amene anandiona tsiku lija panjira ya ku Kachulu akuithira mchere wambiri nkhaniyi, ena mpaka akuti ndinalira. Sindinalire ine, anali matope chabe analowa m'maso.

Galimoto yake ndi Mitsubishi Delica, zija za Space Gear zooneka ngati minibasi yaimirira chonyang'ama. Ndinaigula kwa mkulu wina wa ku Chinamwali amene amasamukira ku Lilongwe, injini ya dizilo ya 2.8 imene amakaniko amaitcha 4M40, yomwe ija imapezekanso mu Pajero, otomatiki, giya yake ili pachiwongolero pompa, ndiye pansi pakati pa mipando yakutsogolo pali kandodo kena kakafupi. Kandodo kameneka mukasunge m'mutu, tikapeza kutsogoloku.

Maganizo anga anali abwinobwino. Ndinkati loweruka ndizinyamula alendo kukwera nawo phiri la Zomba, osati kungothera pa Ku Chawe pamene tala amathera ayi, koma kulowa misewu yafumbi ija mpaka ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View komwe anakaima mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie mu 1965, mkati mwa sabata ndizitsikira ku Chilwa kukapikula mpunga ndi matemba. Koma chinandiononga ndi bandulo ya usiku. Ndinayamba kuonera pa YouTube azungu a ku Australia akuwoloka mitsinje ndi ma Delica awo atawakweza, matayala ngati a thalakitala, ine mtima phaa, ndinati yanganso iyenera kuoneka choncho basi. Nditafufuza mitengo ya zipangizo zenizenizo n'kuisintha kupita m'makwacha ndinangozimitsa foni n'kufunda bulangete, lift kit yokha, zitsulo zokwezera galimotozo, inali ndalama yogulira puloti ku Thondwe.

Ndiye ndinati tipanga za chimalawi. Mayi akunyumba anali atangotenga ngongole ku banki mkhonde yoti ayambire geni ya zitenje, ndinawanyengerera milungu iwiri kuti andibwerekeko theka, ndikuti galimotoyi ikangoyamba kunyamula azungu tibweza mwezi umodzi osatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali kenaka anati, bambo a mwana, mulembe papepala musayine. Ndinasayina.

Ndinayambira matayala. Amene inabwera nawo ndi 225/80R15, ine ndinkafuna a mainchesi 31 amano akuluakulu aja a m'matope, atsopano sindikanakwanitsa ndiye ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kukasaka a kaunjika. Atatu ndinapeza amtundu umodzi, lachinayi linali la kampani ina mano ake opita kwina, wogulitsa anati biggie amenewa ndi pachibale, bambo mmodzi amayi osiyana. Sipeya ndalama sinakwane, ndinati lakale lomwelo likhala. Titawamanga galimoto inaoneka ya ulemu wake zedi koma ndikangokhota pang'ono kumamveka khrrr khrrr tayala likudya bampala, ndiye tinadula makona a bampala ndi sowo, mkatimo tinamenyamo hamala mpaka phokoso linachepa. Kutheratu silinathe.

Kukweza ndiye kunali kwa amakaniko anga a pansi pa mtengo wa mango cha ku Mpondabwino. Delica kutsogolo ilibe masipuling'i opotana aja, ili ndi zitsulo ziwiri zazitali zotchedwa torsion bar, ukamanga bawuti yake galimoto imakwera yokha osagula kanthu, ndipo mawu akuti osagula kanthu amenewo ndi amene anandikomera. Amakaniko anamanga pang'ono n'kuima, akuti bwana apa pakwana, mukapitiriza tayala lisowa potsikira likapeza dzenje komanso ma CV, majoini opititsa mphamvu ku matayala akutsogolo, agwira ntchito atapindika kwambiri, malabala ake ang'ambika. Ine ndinati amakaniko galimoto ndi yanga kapena yanu? Mangani. Anamanga uku akupukusa mutu. Kumbuyo kuli makoyilo, tinaikako malabala odula ku tayala la lole kuti kukwere mofanana. Itatsika pa jeke inaima ngati nyamalikiti, ndipo pobwerera kunyumba hampu iliyonse mano amagundana, lilime ndinaluma kawiri, koma ndinkadziuza kuti ndi mmene zimakhalira galimoto zamphamvu.

Tsopano sinoko, chipaipi chija chimakwera m'mbali mwa galasi. Ntchito yake ndi yoti injini izikokera mpweya m'mwamba, chifukwa dizilo ikangomwa madzi basi mwagula injini ina, madzi safinyika ngati mpweya ndiye pisitoni ikawapeza ma conrod amapindika ngati waya. Izi ndinazimvetsa bwino lomwe, chimene sindinamvetse ndi mtengo wake. Ndinapita ku hadiweya ndinagula paipi ya pulasitiki ya mainchesi atatu, ma elibo atatu, silikoni ndi penti yakuda, tinaboola madigadi n'kulumikiza ku bokosi la eya filita. Ine ndinaona kuti yatuluka ndendende ngati ya pa YouTube. Koma aneba anga, gogo wina wopuma ntchito ya uphunzitsi, anaizungulira kawiri atagwira manja kumbuyo kenaka anandifunsa mwaulemu wonse kuti, achimwene, kodi mwaikamo chimbudzi m'galimotomu? Akuti paipi yake ndi yomwe ija imakhala pa zimbudzi zamakono za kusukulu. Sindinawayankhe.

Kaliyala wa pamwamba anachokera ku bedi lachitsulo lakale la ana, wowotcherera anangodula miyendo. Pamenepo ndinamangapo sipeya, fosholo, khasu ndi chigubu chadizilo chopanda dizilo, chongokometsera. Delica ndi yaitali kale, imapitirira mamita awiri, ndiye tsiku loyamba kutuluka ndinakolola chingwe choyanikira zovala pamodzi ndi zovala zake, ndinafika pa Matawale malaya amkati a anthu akukupiza pamwamba ngati mbendera. Chomaliza ndinagula kachogwirira foni kaja komata, ndinakamata pa galasi la mamita pompo kuti mapu azikhala pamaso panga ngati azungu aja.

Mwezi wa February mvula ili pakati apongozi anabwera kudzationa, ndipo ananena kuti akufuna akafike ku Chisi kukaona achemwali awo amene amadwala, kutanthauza kuti apite pa Kachulu akakwere bwato. Mayi akunyumba anati tidikire kuume kaye. Ine mkamwini wofuna kuonetsa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu, ndinagwada pang'ono ndinati amayi musavutike, galimoto ilipo, makilomita 30 okha amenewo tikafika tiyi asanazizire mu fulasiki. Apongozi anga salankhula zambiri, makamaka kwa ine, chilichonse chimadzera kwa mwana wawo monga mwa mwambo. Anangoti chabwino. Anakhala mpando wakutsogolo, nkhuku yopita kwa odwala ili pamiyendo yomanga miyendo.

Poyamba zinayenda. Tala atatha galimoto inkavina ndithu koma tinkapita, ana m'njira akukuwa azungu azungu kenaka akaona kuti ndine amangoti aaa. Titayandikira kunyanja malo anasintha, kunja kuli tetete minda ya mpunga mbali zonse, dothi lake la makande lakuda lija loti likanyowa limamata ngati phala la dzulo, ukapondapo nsapato imatsala. Patsogolo panali chithaphwi chachitali ndithu, anyamata a kabaza atatsika akukankha njinga m'mbali. Mmodzi anandikupiza dzanja, akuti bwana musalowe pakatipo, dzulo lole yagona pomwepo, zungulirani cha uko kuli kouma. Ndinatsitsa galasi ndinamuuza kuti aise, iyi ndi foo bai foo, si Sienta iyi. Ndinaponda.

Tinayenda mwina mamita khumi. Kenaka kumbuyo kunayamba kupita kumanzere, kutsogolo kuli phee, injini ikulira koma mitengo siikusuntha. Ndinaponda kwambiri, matayala anga a mano aja ndiye anagwira ntchito imene ndinawagulira, anakumba, anakumba ngati akufuna madzi a mjigo mpaka mimba ya galimoto inakhala pansi thapsa. Ndinayesa rivesi, zomwezo. M'galimoto muli zii, nkhuku yokha ndi imene inanenapo kanthu.

Anthu sachedwa kusonkhana pamalo pa tsoka. Mphindi zochepa panali anyamata oposa khumi, tinagwirizana mtengo, anavula malaya n'kulowa m'matope kumbuyo. Wani, thuu, fili, ine kuponda, matope onse anathera pa iwo, anatuluka maso okha akuoneka ndipo mtengo unakwera pomwepo. Tili mkati moyesa kachiwiri injini inayamba kutsamwa, utsi wakuda bii, kenaka thii kuzima. Mtima wanga unaima, ndinati basi yamwa madzi, ndalama za banki mkhonde zapita ndipo ukwati nawo wapita. Kutuluka kukaona, mnyamata wina anali atakoleka malaya ake pamwamba pa paipi ija kuti asade, injini inawakoka n'kutseka kukamwa konse. Tinawasolola ngati tikuzula chinangwa, mwini wake akufuna ndimulipire chifukwa atanuka.

Ndiye ndinakumbukira kuti azungu aja amaphwetsa matayala pang'ono m'matope kuti aponde malo aakulu. Zimenezo ndi zoona, koma iwo amakhala ndi geji ndi pampu, ine ndinali ndi kamtengo ka machesi ndi maso. Ndinaphwetsa mopitirira, nditangoponda tayala lija la amayi ena linavuka pa rimu, bwaa. Jeke kuika pansi, m'malo mokweza galimoto iyo ndi imene inkalowa m'nthaka, tinachita kubwereka chitseko cha khola kwa anthu apafupi kuti jeke ikhalepo. Tinamanga sipeya yaing'ono ija, galimoto inapendekeka ngati munthu wovala nsapato imodzi ya gogoda. Nthawi imeneyi n'kuti dzuwa litapendeka, ine thalauza yoyera ija ndinavalira apongozi sikudziwikanso mtundu, foni ya mayi akunyumba ikungojambula, akuti umboni wa ku banki mkhonde.

Potsiriza kunabwera bambo wina ndi ng'ombe ziwiri za pangolo. Sanafunse zambiri, anangoyang'ana galimoto, anayang'ana paipi, anayang'ana ine, n'kutchula mtengo woti sindingaulembe pano. Anamanga tcheni, analiza chikwapu kamodzi, ng'ombe zija zinangoweramitsa mitu ngati zikupita kukamwa madzi ndipo Delica ya matani awiri inatuluka fwaa, ana akuimba m'manja, amayi a m'minda ya mpunga akululutira. Pamene paja ndi pamene matope analowa m'maso.

Ndinalowa m'galimoto ndikupuma mwa befu. Apongozi chikhalireni osatsika, osanena kanthu maola atatu onse, anatembenukira kumbuyo kwa mwana wawo n'kunena motsitsa mawu kuti, tawafunsa bambowa, kandodo aka akasiya pa 2H dala?

Ndinayang'ana pansi. 2H. Chichokereni kunyumba, ndipotu chigulireni galimotoyo, inkakoka ndi matayala akumbuyo okha ngati minibasi ya ku Songani. Ine ndinkaganiza kuti poti kumbuyo kwalembedwa 4WD ndiye kuti zonse zimachitika zokha. Pa dashibodi pali timagetsi tosonyeza matayala amene akukoka, ndikanaona kuti takutsogolo ndi tozima, koma pamenepo ndi pamene ndinamatapo chogwirira foni chija.

Kani malemu apongozi aamuna anali dalaivala, anayendetsa Land Rover zaka zambiri m'nkhalango za paini pamwamba pa phiri, ndipo amayiwa anakwera nawo mokwanira. Anayamba kundiphunzitsa kudzera kwa mwana wawo yemweyo ngati pabwalo la milandu. Uwauze aime. Uwauze aike pa N. Uwauze akadinikize pansi kandodoko akakankhe mpaka kumapeto pa 4LLc, pamene pamakiya kuti matayala onse anayi azikoka pamodzi. Uwauze asaponde ngati akupha njoka, pang'onopang'ono. Ine ndikungoti inde amayi, zikomo amayi. Mayi akunyumba anafunsa kuti nanga amayi bwanji simunanene kale, iwo akuti mkamwini ali pantchito salowereridwa, komanso anamva ndikuuza wa kabaza uja kuti ndi foo bai foo ndiye anaganiza kuti ndikudziwa.

Chithaphwi chotsatira chinali choipa kuposa choyamba chija. Delica inangodutsa ngati ikuyenda pa tala wa ku Chancellor College, yopendekeka yomweyo, osaterereka ngakhale pang'ono, ndipo titafika pouma apongozi anati uwauze abwezere, pouma sayenda atakiya. Pa Kachulu tinafika mabwato onse atapita, tinagona m'galimoto momwemo ndi udzudzu wa ku Chilwa umene suona kuti uyu wavutika kale, nkhuku inagona pa chiwongolero.

Pobwerera mawa lake CV yakumanja inayamba kulira kha kha kha pokhota monga ananenera amakaniko, ndipo paipi ija inathothoka pa hampu ina n'kugwera m'mbali mwa msewu. Ndinafuna kuisiya pomwepo koma mayi akunyumba anati amayi anaitanitsa kale, akuti ikadzagwa tisataye. Pano anyamata a kabaza akandiona m'tauni amakuwa kuti a 2H, ngongole ndatsala ndi miyezi inayi, ndipo mwezi watha titapita kumudzi ndinaipeza paipi yanga ndi penti yake yakuda yomwe ija itaima bwinobwino pa chimbudzi cha apongozi, akuti chiiikireni ntchentche zinatheratu.